Mmene mawu oti "ndakhuta" ananditembenukira

Mpaka lero ndikamva fungo la bekoni ali pachiwaya, mimba yanga imayamba kupepesa yokha, ngakhale ine mwini wake sindinapepese kwa munthu. Nkhani yake ndi ya mawu amodzi okha a Chichewa. Ndinawapotoza dala, ndipo Loweruka lina m'mawa anabwera kudzandipeza ndili pampando, anthu akuona.

Ndiyambe ndi a Kiyo. (Dzina lawo limalembedwa Keogh, koma zilembo zakumapetozo n'zokongoletsera chabe, sizitchulidwa.) Ndi bambo achikulire oyandikana nafe nyumba kuno ku Longbridge, mu Birmingham. Anagwira ntchito zaka zambirimbiri pafakitale ya magalimoto imene inali pomwe pano pali mashopu, moti akamapita kokagula mkaka amati akupita ku dipatimenti ya mabuleki. Tsiku loyamba kukumana nawo, nditangofika kumene kuchokera ku Malawi ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, anandipatsa moni n'kunena kuti iwo ndi Airishi. Ndinaseka mpaka amayi ananditsina. Inu mukudziwa kuti kwathu airishi ndi mbatata ya kachewere. Bambo wamkulu, ndi imvi zake, kuima pageti n'kulengeza kuti iye ndi mbatata!

Akazi awo, mai Nora, atadwala, amayi anga ankati akaweruka kushifiti ku keya homu, nyumba yosamalira okalamba, ankayamba alowa kaye kwa a Kiyo kukawasambitsa ndi kuwatembenuza, yunifomu ili m'thupi. Palibe anawatuma. Mai Nora atamwalira, a Kiyo anapitirizabe kuphika kadzutsa wa anthu awiri Loweruka lililonse, chifukwa manja anali atazolowera. Mbale yachiwiriyo inkasowa mwini wake, ndiye ine ndinadzipereka. (Ndiye wina aziti ana a masiku ano sitithandiza okalamba.)

Kadzutsa wa kwawoko si tiyi ndi chigumu ayi. Mbale imabwera ikulemera. Muli bekoni, masoseji awiri, dzira lokazinga, tomato wowotcha ndi bowa. Ndiye pali timagawo tiwiri tozungulira totchedwa pudingi, kakuda ndi koyera. Kakudako ndi magazi a nkhumba osakaniza ndi ufa wa otsi, mbewu yonga tirigu, koyerako ndi m'bale wake wopanda magazi. Pambali pamakhala buledi wa soda wopakidwa batala ngati akumata khoma, ndi kabuledi kena kophwatalala ka mbatata, kokazingidwa m'mafuta a bekoni omwewo. Tiyi wake ndi wakuda bii, woti supuni ikhoza kuima yokha. Nyemba za m'chitini amati n'za Angerezi, m'nyumba mwawo sizilowa.

Tinapangana kuti iwo aziphika, ine ndiziwaphunzitsa Chichewa. Anagula kakope kofiira, n'kumanditchula kuti "aphunzitsi". Cholinga chawo chinali chimodzi: pa tsiku lokumbukira kuti mai Nora atha chaka chimwalirire, ankafuna kuthokoza amayi anga m'chilankhulo chawo, osati cha mfumu ya kuno.

Muyenera kudziwanso kuti nthawi imeneyo ndinali pa chenjezo lomaliza. Kusukulu kunali kutachokera kale makalata awiri. (Yachiwiriyo inali ya timaso tapulasitiki timene ndinamata pazithunzi zonse za aphunzitsi m'khonde. Ahedi anaoneka bwino kuposa kale, koma sanayamikire.) Amayi anandikhazika pansi.

"Ndikangomva kanthu kena kamodzi, kamodzi kokha, za kwa a Kiyo zatha. Loweruka uzikwera sitima kupita ku Nuneaton kwa anti ako, ukaimbe kwaya."

Kwaya ya anti imayamba naini koloko mpaka firii, ndipo chakudya chake ndi bisiketi imodzi ndi juwisi wothira madzi. Ndinalonjeza kuti ndasintha, ndipo ndinasinthadi. Kwa masabata awiri.

Kenako kunabwera amalume.

Amalume ndi achimwene awo a amayi, Angoni a ku Ntcheu, ndipo anabwera pa viza ya ukeyara, ntchito yosamalira okalamba, ngati amayi. Anatenga chipinda changa, ine n'kusamukira pasofa. Imeneyo ndikanaikhululukira. Koma anali ndi zizolowezi ziwiri. Choyamba, ndikangoyankha amayi m'Chingerezi, iwo ankatulukira pena pake ngati wapolisi wapamsewu. "Achemwali, mwanayu akutayika. Zaka zitatu zokha, lilime lapindika kale?" Chachiwiri, pachakudya ankatenga nthuli yomaliza, ija ine ndinali nditaiyang'anitsitsa kuyambira popemphera, n'kutsamira kumbuyo, n'kusisita mimba, n'kulengeza ngati akuwerenga nkhani za pawailesi: "Ndakhuta."

Ndiye Loweruka lina a Kiyo anati pa tsiku lachikumbutsolo adzaitana amayi ndi amalume omwe. Anatsegula kakope kawo.

"Aphunzitsi, munthu akafuna kuwonjezeredwa chakudya amati chiyani m'Chichewa? Sindikufuna alendo anga adzachite manyazi." (Ankalankhula Chingerezi, koma ndikumasulirani, kuopa amalume angawerenge.)

Abale anga, sindinaganize n'komwe. Mawu anangotuluka okha ngati anali akudikira pakhomo.

"Amati ndakhuta."

"Nda-khu-ta," analemba mosamala. "Nanga akanena kawiri?"

"Ndiye kuti njala yafika povuta. Muziika kawiri."

Masabata atatu otsatirawo ndinkagona pasofa paja ndikumwetulira. Ndinkawaona amalume m'maganizo, thukuta lili kamukamu, akukuwa kuti ndakhuta, a Kiyo akungothira masoseji.

Tsikulo litafika ndinaona kuti pulani ikufunika mchere pang'ono. Amayi anali pashifiti, ndipo tinagwirizana kuti tikakumana nawo kwa a Kiyo komweko cha m'ma teni, a Kiyowo akabwerako ku Misa. Amalume anatuluka m'chipinda (changa) atavala tayi.

"Iwe, kodi akuti tikadya chiyani kumeneko?"

"Kadzutsa wa Airishi, amalume."

"Airishi? M'mawa uno? Airishi yekhayekha?"

"Ee, amangowiritsa. Tiwiri titatu pambale, basi. Bola mudyeretu kaphala."

Anapukusa mutu, kuwamvera chisoni azungu, n'kulowa kukhitchini. Anaphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, poto wathunthu, lolimba loti likhoza kumangira nyumba. Anadya mbale ziwiri, kenako anatenga mbale ina n'kundigawira.

"Ayi amalume, ine sindi..."

"Wanena wekha kuti kumeneko kuli njala. Ukufuna ukakomoke pamaso pa mzungu? Khala pansi."

Anandiyang'anira mpaka supuni yomaliza. Apa m'pamene munthu wanzeru akanaona kuti zinthu zayamba kupendekeka. Ine ndinangoti palibe kanthu, iwo adya mbale ziwiri, ine imodzi, ndikutsogolabe.

Kwa a Kiyo tinapeza tebulo litayalidwa nsalu yoyera, chithunzi cha mai Nora chili pakati, kandulo akuyaka pambali pake. Amayi anali atafika kale, maso ali ofiira ndi tulo koma atavala chitenje chawo chabwino pamwamba pa yunifomu. A Kiyo anali ndi epuloni pamwamba pa suti. Tisanakhale n'komwe anakweza dzanja.

"Lero ndili ndi pempho limodzi. Aphunzitsi anga asalankhule Chingerezi patebulo pano. Ndikufuna ndione ngati ndakhoza mayeso."

Amalume anaomba m'manja mpaka tayi inagwedezeka. "Mwamva achemwali? Mzungu akufuna Chichewa, mwana wanu akuchithawa!"

"Wamva?" anatero amayi. "Liwu limodzi la Chingerezi, foni ndikulanda."

Ndinavomera mosangalala. Ine ntchito yanga inali yongoonerera.

Mbale zinabwera. Amalume anayang'ana yawo, n'kundiyang'ana ine, n'kuyang'ananso mbale. Airishi wowiritsa uja sanaoneke. Anabaya kapudingi kakuda ndi foloko, kukanunkhiza, kuluma pang'ono. Anatseka maso. Ndinati eya, zayambika.

"Achemwali," anatero. "Uwu ndi uwende."

"Ndi pudingi, achimwene."

"Ndikuti uwende! Magazi ophika, ngati umene ankakonza bambo akapha mbuzi. Anthu awa ndi Angoni! Bambo Kiyo, inu ndinu Mngoni!"

Anaimirira n'kukawagwira chanza ndi manja awiri. Ndipo anayamba kudya. Sindikudziwa kumene phala lija linapita. Mwina amalume ali ndi chipinda china m'mimba chimene amachitsegula pa zochitika zapadera. Mbale yoyamba inatha, a Kiyo anabweretsa chiwaya, amalume anangosendeza mbale yawo. Yachiwiri inatha. Mawu anga aja osatuluka.

"Amalume, simunakhute?" ndinafunsa mokoma mtima.

"Ndani? Ine? Ndikungotenthetsa injini."

Pamenepo n'kuti ine nditalimbana ndi mbale yanga mpaka kuimaliza, pamwamba pa phala lija. Kusiya chakudya pambale amayi ali pomwepo, pa tsiku ngati limenelo, sikukanatheka. Ndinaika foloko pansi n'kupuma mosamala. Nditakweza maso ndinapeza a Kiyo ataima pambali panga, chiwaya chili m'manja, chikulirabe.

"Aphunzitsi?"

"Basi, zikomo," ndinatero.

Anakwinya nkhope, n'kutulutsa kakope kofiira m'thumba la epuloni. "Basi... basi... Galimoto ija? Ayi, simukwera basi, mumakhala khomo lomweli."

"Zakwana."

Anatembenuza masamba. "Amenewo sitinaphunzire."

Ndinaphimba mbale ndi dzanja, ndikupukusa mutu. Amayi anandimenya kadzanjako. "Mwano umenewo. Lankhula ndi pakamwa."

"Iwe, lankhula Chichewa chomveka," anatero amalume, pakamwa pali pudingi. "Nena kuti ndakhuta. Kapena naonso unawaiwala?"

Anthu atatu anali akundiyang'ana. Anayi, tikawerengera mai Nora pachithunzi paja. Ndinanong'ona.

"Ndakhuta."

Nkhope ya a Kiyo inawala ngati ya mwana amene wafunsidwa funso lomwe analoweza. Soseji inatera pambale panga. Kenako bekoni. Kenako pudingi woyera, ndi kabuledi ka mbatata kaja pamwamba ngati chivindikiro.

"Iii, sanamve kapena?" anatero amayi.

"Ndamva bwino lomwe," anayankha a Kiyo monyadira. "Ndakhuta! Mawu amenewa ndimawadziwa. Anandiphunzitsa aphunzitsi angawa."

Amayi anatembenuka pang'onopang'ono. Pali kayang'anidwe kena kamene amayi anga amakasungira ine ndekha, ndipo m'maso mwawomo ndinaona sitima ya ku Nuneaton itaima, zitseko zili zotsegula.

"Unawaphunzitsa kuti chiyani?"

"Akudziwa, mami. Kungoti kwawoko mlendo akakana koyamba sawerengera. Ndi mwambo wawo."

Amayi anagwedeza mutu. Mwamwayi bodza langali linali ndi choonadi pang'ono mkati, chifukwa malemu mai Nora, ngakhale ali chigonere, sankalola kuti amayi atuluke osamwa tiyi, akane asakane.

"Ndiye idya. Usatichititse manyazi."

Ndinadya. Ndinadya ngati munthu amene akukumba dzenje lake lomwe. Soseji ija ndinaidula tizidutswa khumi ndi tiwiri, kalikonse ndikukatsitsa ndi tiyi. Batani la jinzi linayamba kundilankhula. Thukuta limene ndinakonzera amalume linatuluka pamphumi panga. Ndipo chowawa kwambiri n'chakuti chakudyacho chinali chokoma. A Kiyo tsiku limenelo anaphika ndi mtima wonse, bekoni wake wouma m'mbali bwinobwino, dzira lake la pakati pofewa. Ndinkavutika ndi zinthu zokoma, zimene ndi zovuta kuzifotokoza kwa munthu kuti akumvere chisoni.

Nditatsala pang'ono kumaliza, ndinaona chiwaya chikubweranso. Ndinaganiza zongokhala chete, osatchula mawu aliwonse, ndione ngati angathire. Ndinaiwala kuti ndili ndi amalume othandiza.

"Bambo Kiyo, mwanayu watopa," anatero, akuloza ine ndi foloko. Kenako anakweza mawu, monga amachitira anthu akafuna kuti mzungu amvetse. "Akuti ndakhuta! Ndakhuta!"

Kawiri.

A Kiyo anayang'ana m'kakope, n'kugwedeza mutu ngati dokotala amene waona kuti matenda ndi aakulu. Masoseji awiri. Mapudingi awiri, wakuda ndi woyera. Mazira, mwamwayi, anali atatha.

Apa ndiulule tchimo lachiwiri. Ndinali nditavala juzi ya chipewa, ija ya thumba limodzi lalikulu pamimba. Amayi atatembenuka kuthira tiyi, soseji yoyamba inalowa m'thumbamo. Amalume ataweramira mbale yawo, yachiwiri inatsatira. Pudingi wakuda ndinamukankhira pambale ya amalume, ndipo anamulandira osafunsa kumene wachokera. Woyerayo analowa m'thumba. Zinali zotentha, anthu inu. Ndinakhala chowongoka ngati msilikali, masoseji akundiwotcha pamchombo, mafuta akujambula mapu pajuzi, ine nditapinda manja pamwamba pake ngati mwana waulemu kwambiri mu Birmingham monse.

Kenako a Kiyo anavula epuloni, n'kugogoda kapu ndi supuni. Anaimirira kumutu kwa tebulo, anatsegula kakope kofiira. Anawerenga m'Chichewa, liwu ndi liwu, monga tinayeserera Loweruka ndi Loweruka.

"Amayi. Munasamala mkazi wanga. Munali otopa, koma munabwera. Zikomo kwambiri."

Mpaka apa ndinkadziwa, ndinawalembera ndine. Koma anatembenuza tsamba, n'kupitiriza ndi mawu amene sindinawaphunzitsepo.

"Nora atapita, nyumba ino inali ndi njala. Munandibwereka mwana wanu. Amakhala pampando wa Nora. Amadya kwambiri. Amanama pang'ono."

Amalume anaseka mpaka kutsamwa. A Kiyo anatseka kakope. Anaika mpeni ndi foloko pamodzi pambale yawo, n'kuikankhira kutsogolo pang'ono, monga amachitira munthu amene wamaliza. Anagwira pamtima. Kenako anandiyang'ana ine, m'maso mwenimweni.

"Lero, ndakhuta."

Amayi anaphimba nkhope ndi chitenje n'kuyamba kulira. Amalume anati "Amen" ngakhale silinali pemphero. Ine ndinangokhala kukamwa yasa, masoseji ali pamimba. Mkuluyu ankadziwa. Nthawi yonseyi ankadziwa.

A Kiyo anandiitana kuti ndikawathandize kutsuka mbale. Ndinayenda chammbali ngati nkhanu mpaka kukhitchini, iwo n'kutseka chitseko.

"Munadziwa liti?"

"Lolemba lotsatira," anatero akutsegula mpopi. Anandikumbutsa za mayi wa ku Chipata, ku Zambia, amene amabwera m'mawa kudzawathandiza kuvala masokosi a mwendo wawo wotupa, n'kuwapangira tiyi. "Ndinafuna kumudabwitsa. Nditamwa theka la kapu ndinati ndakhuta, kuti andiwonjezere. Anandilanda kapu. Ndi mabisiketi omwe. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu anandikhazika pansi n'kunena kuti akufuna aimbire dokotala, chifukwa ndasiya kudya."

Ndinaseka, koma kuseka kunali kowawa, ndinagwira sinki.

"Masiku atatu opanda bisiketi, aphunzitsi. Munthu wa zaka zanga. Ndiye ndinamufunsa tanthauzo lake, ndipo ndi yemweyo anandithandiza kulemba tsamba lachiwiri lija."

"Nanga bwanji simunawauze amayi?"

Anandipatsa kansalu kopukutira mbale. "Kufakitale mnyamata aliyense watsopano ndinkamutuma kukatenga chidebe cha nthunzi kusitolo. Zaka makumi atatu, palibe anandibwezera. Ndimayesa luso limeneli linatha." Anayamba kutsuka chiwaya. "Komanso ndikanawauza, mbale yachiwiri ija bwenzi akudya ndani? Amalume ako? Dziko la Ireland lilibe nkhumba zokwanira."

Sindine munthu wolira, ndipo sindinalire. Kungoti m'khitchinimo munali utsi wa bekoni wambiri. Ndinawauza kuti zikomo, m'Chichewa, ndipo ulendo uno mawuwo ankatanthauza zomwe amatanthauza.

Potuluka anang'amba kapepala konyezimira kokulungira zakudya n'kundipatsira kumbuyo, amayi asakuona.

"Kulungira zomwe zili m'thumbazo. Soseji yabwino siyenda maliseche."

Ku Nuneaton sindinapite. Amayi mpaka pano amakhulupirira kuti ku Ireland munthu akati wakhuta amamuwonjezera, ndipo amafotokozera anzawo kutchalitchi ngati chinthu chimene anadzionera okha. Amalume amauza aliyense kuti anapeza Mngoni woyera ku Longbridge, ndipo Loweruka akakhala kuti alibe shifiti amavala tayi n'kumazungulirazungulira pageti. Ine tsiku limenelo sindinadyenso kanthu mpaka Lamulungu madzulo, pamene ndinatenthetsa masoseji a m'thumba aja. Anali bwinobwino, kupatula ulusi pang'ono.

Mpando wa mai Nora ndikukhalabe ine, ndipo maphunziro akupitirira. Kusiyana kwake n'kwakuti masiku ano liwu lililonse limene ndawaphunzitsa, a Kiyo amaliika kachizindikiro, kudikira kuti Lolemba akalitsimikize kwa mayi wa ku Chipata uja. Akuti sadzapusitsidwanso.

Phunziro ndinalitolapo, musadandaule. Munthu usamapotoze mawu osayamba wafufuza kuti wophunzira wako amalankhulanso ndi ndani. N'chifukwa chake Lolemba lapitali ndinadzuka m'mamawa, ndisanapite kusukulu, n'kukawadikirira mayi aja pageti. Ndinawalandira chikwama, n'kuwapatsa moni waulemu wogwira pabondo. Ndi munthu wosangalatsa kwambiri. Nawonso, ndapeza, amakonda kuseka.